Mizere yakhudzana koma sinalumikizane: mmene manodi amakhalira path imodzi

Tinene kuti mwajambula mbalame pa kompyuta, kaya ndi mu Inkscape, Illustrator kapena CorelDRAW. Mwayamba ndi mzere wa msana, kenako wa pamimba, wa mlomo, n'kumalizira wa mchira. Nsonga zonse mwazigunditsa bwinobwino moti pa sikirini palibe pamene pakuoneka mpata. Ndiye mwasankha mtundu wofiira kuti mudzaze thupi lonse. Zimene zikutuluka n'zodabwitsa: kachigawo kofiira kunsi kwa msana, kena pamimba, koma pakati pali mbee. Mu CorelDRAW mwina mtunduwo sulowa n'komwe, chifukwa pulogalamuyi, mukapanda kusintha makonzedwe ake, sidzaza mzere wotseguka.

Vuto si mtundu ayi. Maso anu akuona mbalame imodzi, pamene kompyuta ikuona mizere inayi yongoyandikana. Mzere uliwonse yaudzaza pawokha, ngati kuti pali kamzere kowongoka kosaoneka kochoka kunsonga ina kukafika kunsonga inzake. Ongoyamba kumene amatha maola akulimbana ndi zimenezi, ndipo chimene chimawasokoneza kwambiri n'chakuti m'mapulogalamuwa muli malamulo angapo omveka ngati onse akuti "lumikiza", chikhalirecho lililonse limachita zake.

Chimene kompyuta imasunga

Chithunzi cha kamera chimasungidwa ngati timadontho tambirimbiri ta mitundu, mapikiselo. Chojambula cha vekita chimasungidwa ngati malangizo opita kwa cholembera: tera apa, yenda mowongoka mpaka apo, khota chakuti, bwerera pamene unayambira. N'chifukwa chake logo ya vekita imatuluka yosalala m'mbali kaya mwaisindikiza pa kakhadi kaya pa chikwangwani chachikulu. Malangizo ndi omwe aja, manambala okha ndiwo akula.

Ulendo wa cholemberacho ndi umene umatchedwa path. Malo amene cholembera chimaima n'kusintha kolowera ndi manodi. Illustrator imawatcha anchor point, koma chinthu chake n'chimodzimodzi. Pakati pa manodi awiri pali chigawo chimodzi cha mzere, chowongoka kapena chokhota. Kukhotako kumalamulidwa ndi tindodo totuluka pa manodi, tokhala ndi kadontho kumapeto, timene mumagwira ndi mausi n'kukoka. Tizititchula kuti zogwirira. Kumene chogwirira chaloza ndiko kumene mzere umalowera pochoka pa nodi, ndipo kutalika kwake kumanena kuti mzerewo uumirira mtunda wotani kulowera komweko usanayambe kutembenuka.

Masamu ake anachokera m'mafakitale a magalimoto ku France. Paul de Casteljau, akugwira ntchito ku Citroën, anapeza njira yowerengera mizere yotere mu 1959, koma kampaniyo inasunga ntchito yake mwachinsinsi. Pierre Bézier wa ku Renault anafika pa zofananazo payekha n'kuzifalitsa m'zaka za m'ma 1960, ndiye mizereyi inatenga dzina la iyeyo. Onse awiri ankafuna kufotokoza kupindika kwa thupi la galimoto ndi manambala ochepa oti makina atsatire. Kampani ya Adobe itatulutsa PostScript, chinenero cha kompyuta chofotokozera masamba osindikiza, mu 1984 ndi Illustrator mu 1987, mizere ya Bézier inafika m'manja mwa ojambula. CorelDRAW inabwera mu 1989, Inkscape mu 2003, zonse zitamangidwa pa maziko omwewo.

Kuti muone ndi maso anu, tsegulani fayilo ya SVG, yosungira zojambula za vekita, ndi pulogalamu wamba yolembera mawu. SVG, imene bungwe la W3C linaivomereza mu 2001, imalemba path ndi zilembo ndi manambala oti munthu angawerenge, motere:

M 10 10 L 90 10 L 50 80 Z

M akuti nyamula cholembera, uchitsitse pamalo awa. L akuti yenda mowongoka mpaka apo. Pakakhala C, amatsatidwa ndi manambala 6: malo a chogwirira choyamba, malo a chachiwiri, ndi pofikira. Z akuti tseka, bwerera pa M. Zalembedwa pamwambazi ndi chithunzi cha makona atatu chotsekeka.

Chilembo M chimenechi musachiiwale, chifukwa nkhani yonse yagona pa icho. Mbalame yathu ija ili ndi ma M anayi ndipo ilibe Z. Cholembera chikunyamuka kanayi. Chimene tikufuna ndi M mmodzi koyambirira, Z mmodzi kumapeto, cholembera chizungulire thupi lonse osadukiza.

Group, Combine, Union ndi Join

Group, imene mumaichita podina mabatani a Ctrl+G pa kiyibodi, ndi kumanga mtolo basi. Zinthu zimayendera limodzi mukazikoka, koma m'kati mwa mtolomo chilichonse chikadali chokha, ndi mtundu wake ndi manodi ake. Pa vuto la mbalame, Group sithandiza chilichonse.

Combine ndiyo imanyenga anthu ambiri. Inkscape ndi CorelDRAW amaitcha dzina lomweli, Illustrator imati compound path ndipo imapangidwa ndi Ctrl+8. Mukasankha mizere inayi ija n'kuchita Combine, pulogalamu imakuuzanidi kuti tsopano pali chinthu chimodzi. Mizere yonse imatenga mtundu umodzi ndi kunenepa kumodzi. Munthu n'kumati zatheka. Koma mukatsegula fayilo mupeza kuti malangizo anayi aja angolembedwa motsatizana pamalo amodzi, ma M onse anayi ali momwemo. Cholembera chikunyamukabe kanayi. Tizigawo totere m'kati mwa path imodzi timatchedwa subpath.

Sikuti Combine ndi yopanda ntchito. Popanda iyo sitikanakhala ndi chilembo O. Chilembochi chili ndi mizere iwiri yotsekeka, wakunja ndi wam'kati, yosakhudzana paliponse, koma iyenera kukhala chinthu chimodzi kuti pakati pakhale bowo lenileni loonetsa zakumbuyo, osati dontho loyera loikidwa pamwamba. B ndi 8 ali ndi ma subpath atatu aliyense. Pofuna kudziwa kuti pati padzazidwe, pati pakhale bowo, pulogalamu imatsata limodzi mwa malamulo awiri. La evenodd limawerenga mizere imene mungadumphe kuchoka pa malo ena kupita kunja: mukadumpha umodzi kapena itatu, malowo ndi odzaza, mukadumpha iwiri kapena inayi, ndi bowo. La nonzero limayang'ananso kumene mzere uliwonse ukuzungulira, moti bowo limatuluka pokhapokha mzere wam'kati ukuzungulira mosemphana ndi wakunja. Mukachita Combine koma bowo osaoneka, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenechi: sinthani lamulo lodzazira, kapena tembenuzani mzere wam'katiwo ndi Reverse.

Mu CorelDRAW, Combine ndi sitepe yoyambanso pa kulumikiza kwenikweni. Ngati manodi awiri ali pa zinthu ziwiri zosiyana, muyenera kuziphatikiza kaye ndi Combine, kenako n'kulumikiza nsonga zake. Inkscape ndi Illustrator amalola kulumikiza nsonga za ma path awiri osiyana mwachindunji.

Apa ndichenjeze amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu awiri. Mu Inkscape, Ctrl+K ndi Combine. Mu CorelDRAW, Ctrl+K yemweyo ndi Break Apart, amene amamasula zimene zinaphatikizidwa. Combine wa CorelDRAW ndi Ctrl+L, koma mukadina Ctrl+L mu Inkscape mwachita Simplify, amene amachotsa manodi n'kusintha maonekedwe a chojambula chanu mwakachetechete. Zala zikazolowera pulogalamu ina, yambani mwapita ku menyu kufikira zitazolowera inayo.

Union, imene Illustrator imaitcha Unite mu Pathfinder ndipo CorelDRAW imati Weld, ntchito yake ndi kusungunula zinthu ziwiri zodzaza kukhala chimodzi. Ikani bwalo pamwamba pa bokosi, zilowane pang'ono, muchite Union: pulogalamu imapeza pamene mizere yadutsana, imaikapo manodi atsopano, imataya zonse za m'kati n'kusiya mphepete yakunja yokha. Pa zilembo zolukana ngati zolemba pamanja, zimene mukufuna kudula pa sitika, palibe choposa Union, chifukwa popanda iyo mpeni wa makina odula sitika umadula chilembo chilichonse pachokha n'kung'amba pamene zalowana. Koma Union imaganiza za malo odzaza, osati za nsonga za mizere. Mukaipatsa mizere yotseguka mu Inkscape kapena Illustrator, imaitseka yokha ndi timizere towongoka, ndipo mbalame ija imasanduka chinthu chimene simunajambule.

Yotsala ndi Join, ndipo ndi yokhayo imene imamangadi nsonga za mizere yotseguka n'kuchotsa M. Tengani chida cha manodi: dinani N mu Inkscape, A mu Illustrator, F10 mu CorelDRAW. Kokani kabokosi kozungulira nsonga ziwiri zimene mukufuna kumanga, kuti manodi onse awiri asankhike ngakhale atasanjikizana. Mukangodina pamwamba mumagwira imodzi yokha, ndipo lamulo limakana.

Kulumikiza kuli pawiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Koyamba, manodi awiri amasanduka nodi imodzi. Mu Inkscape ndi Shift+J, mu CorelDRAW ndi batani la Join two nodes. Ngati panali mpata, nodi yatsopanoyo imakhala pakati pa pamene panali awiri aja, moti mizere yonse iwiri imasuntha pang'ono. Kwachiwiri, manodi amakhala pamalo awo, pulogalamu n'kujambula chigawo chatsopano chowongoka pakati pawo. Inkscape ili ndi batani lapadera la zimenezi, CorelDRAW imati Extend curve to close. Kumeneku n'koyenera pamene mpata ndi waukulu ndipo mukudziwa kuti pakusowadi mzere.

Illustrator imasankha yokha. Mukadina Ctrl+J, ngati nsonga zili pamalo amodzi enieni imazisandutsa nodi imodzi. Ngati zatalikirana, ngakhale ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, imaikapo kamzere. Zotsatira zake ndi manodi awiri oyandikana kwambiri okhala ndi kamzere kosaoneka pakati. Path yalumikizanadi, mtundu ukulowa, koma pamalopo pabisala kamfundo kamene kadzaonekera tsiku limene mudzakulitse chojambulacho kapena kunenepetsa mzere. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi Average, ya Ctrl+Alt+J, imene imaika manodi osankhidwa pamalo amodzi, kenako Join. M'mapulogalamu onse, kuyatsa snapping pojambula kumachepetsa vutoli lisanayambe, chifukwa nsonga imadumphira yokha pa nodi inzake mukaiyandikiza.

Ngati chida cha manodi sichikuonetsa manodi enieni, mwina chinthucho sichinakhale path. Bokosi, bwalo ndi mawu olembedwa pa kiyibodi amasungidwa mwa njira yawoyawo. Asandutseni kaye ndi Object to Path mu Inkscape, Convert to Curves mu CorelDRAW, kapena Create Outlines pa mawu mu Illustrator. Musanatero ndi mawu, sungani kope lina pambali, chifukwa akasanduka mizere simungawakonzenso ngati mawu.

Chifukwa chimene mizere itatu singakumane pa nodi imodzi

Mbalame ija ili ndi phiko, ndipo mzere wa phikolo ukuyambira pa msana. Mwasankha nsonga ya phiko ndi nodi ya pakati pa msana, mwadina Join, palibe chachitika. Pulogalamu sinawonongeke. Kumbukirani kuti path ndi ulendo wa cholembera: pa nodi iliyonse pali polowera pamodzi ndi potulukira pamodzi. Nodi ya pakati pa msana ili kale ndi zigawo ziwiri, ilibe malo a chachitatu. Manodi okhawo amene angalumikizidwe ndi a kunsonga za path yotseguka. Malangizo a M, L, C ndi Z alibe njira yolembera mphambano.

Pulogalamu ina yojambulira, Figma, inayesa kuthana ndi malire amenewa ndi zimene imazitcha vector network, mmene mizere ingapo imatha kukumana pa nodi imodzi. Pojambula zimapepuka, koma mukatumiza ntchitoyo ngati SVG imagawidwanso kukhala ma path wamba. Kwa ine, yankho labwino pa phiko ndi kulisiya kukhala path yakeyake, nsonga yake itakhazikika ndendende pa msana, kenako kumanga zonse ndi Group. Si chilichonse chiyenera kulumikizidwa. Path imodzi imakhala ndi mtundu umodzi ndi kunenepa kumodzi, ndiye ngati mukufuna phiko la mzere wopyapyala pa thupi la mzere wonenepa, kulumikiza kukanakuonongerani.

Palinso nkhani ya kolowera. Path iliyonse ili ndi poyambira ndi pothera. Mukalumikiza pothera pa ina ndi pothera pa inzake, pulogalamu imatembenuza imodzi kuti ulendo uyende mbali imodzi. Nthawi zambiri simuzindikira. Mumazindikira pamene muvi wa kunsonga wasamukira kwina, kapena mawu oyenda pa mzerewo atembenuka chadodolido.

Pamene pamangidwa pasaoneke

Kulumikiza manodi ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo, limene limasiyanitsa chojambula chaluso ndi chothamangira, lili pa zogwirira.

Nodi yatsopano imalandira zogwirira ziwiri, china chochokera ku mzere woyamba, china ku wachiwiri, ndipo chilichonse chimaloza kumene chinkaloza kale. Ngati sizili pa mzere umodzi wowongoka, pamalopo pamakhala kona. Pa nsonga ya mlomo wa mbalame, kona ndi imene mukufuna. Koma pamene khosi likutsikira pa msana, kona ya madigiri ochepa chabe imaoneka ngati kuthyoka, ndipo diso la munthu limaigwira msanga ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Mapulogalamu amasiyanitsa mitundu ya manodi chifukwa cha zimenezi. Nodi ya kona, imene ena amati cusp, imalola chogwirira chilichonse kuyenda pachokha. Nodi ya smooth imakakamiza zogwirira ziwirizo kukhala pa mzere umodzi, ngakhale kutalika kwake kutasiyana. Mukakweza china, chinzake chimatsika. Nodi ya symmetric imawonjezera kuti zitalike mofanana. Mu Inkscape mumasintha ndi Shift+C, Shift+S ndi Shift+Y. Ambiri amathamangira symmetric poganiza kuti ndiyo yosalala koposa, koma ngati mbali ina ya nodi kuli chigawo chachitali ndipo mbali inayo chachifupi, zogwirira zofanana zimatupitsa chachifupicho. Pamalo otere smooth ndiyo yabwino, chogwirira chilichonse chitalike molingana ndi chigawo chake. Poyambira pabwino ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa chigawocho.

Bwalo limaphunzitsa bwino kuti manodi ochepa amakwanira. Mapulogalamu ambiri amalijambula ndi manodi anayi okha, pamwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere, chogwirira chilichonse chitatalika pafupifupi 0.5523 ya mtunda wochoka pakati pa bwalo kufika m'mphepete. Si bwalo lenileni pa masamu, koma kusiyana kwake diso silingakuone. Choncho mukamaliza kulumikiza, dzifunseni ngati nodi ya polumikizirapo ikufunika n'komwe. Ikakhala pakati pa kukhota kumodzi kosalala, nthawi zambiri mutha kuichotsa n'kukonza zogwirira za manodi oyandikana nayo, mzere n'kutuluka wokongola kuposa poyamba.

Kona nayo imaulula ngati mwalumikizadi. Nenepetsani mzere mpaka mamilimita atatu kapena anayi, muyang'ane pa nsonga ya mlomo. Ngati ndi ma path awiri ongogundana, uliwonse umathera pawokha ndipo kunja kwa kona kumatsala kamphako. Ngati ndi path imodzi, pulogalamu imadzaza konayo molingana ndi zimene mwasankha: yosongoka, yozungulira kapena yodulidwa. Zomwezi zimachitika ndi path imene yathera ndendende pamene inayambira koma ilibe Z. Imaoneka yotsekeka, koma kona yomalizayo imakhala ndi kamphako komweko, chifukwa kwa kompyuta pakadali nsonga ziwiri zosanjikizana. Kulumikiza komaliza, kwa nsonga yoyamba ndi yotsiriza, ndiko kumalemba Z.

Makina odula salekerera

Pa sikirini ndi pa pepala, mpata wa kachigawo ka milimita ungadutse osaoneka. Makina odula sitika, a laser ndi a CNC (osema ndi kudula moyendetsedwa ndi kompyuta) amatsata malangizo monga alembedwera. Pa M aliyense mpeni umanyamuka, kapena laser imazima, n'kukayambira pena. Path yodukaduka imachedwetsa ntchito, imasiya timalo tosadulika pamene sitika imakanirira poimatula, ndipo pa laser poyambira paliponse pamatha kutsala kachipsera. Pulogalamu yoyendetsa CNC imafuna mzere wotsekeka kuti idziwe kunja ndi m'kati, apo ayi singadziwe mbali yoyendetsa chodulira.

Vutoli limakula ndi mafayilo ochokera ku mapulogalamu a CAD, ojambulira mapulani a nyumba ndi makina, makamaka mafayilo a DXF, amene nthawi zambiri amafika chojambula chitagawika m'tizidutswa mazanamazana, kalikonse path payokha. Kulumikiza awiriawiri ndi dzanja sikutheka. CorelDRAW ili ndi Join Curves, mmene mumaika gap tolerance, kutanthauza mpata waukulu koposa umene pulogalamu iloledwe kutseka. Illustrator imalola kusankha ma path ambiri athunthu n'kudina Ctrl+J, ndipo imamanga nsonga zoyandikana. Apa pafunika kudekha. Yambani ndi mpata waung'ono kwambiri, muone zimene zatsala, kenako muwonjezere pang'onopang'ono. Mukayamba ndi waukulu, pulogalamu imamanga nsonga zimene sizinayenera kukumana, ndipo kuzipeza m'chojambula chodzaza ndi mizere kumavuta kuposa kupeza mipata.

Musanatumize ntchito ku makina, sinthani kaonedwe kuti muone mafupa okhaokha a chojambula, opanda mitundu ndi kunenepa kwa mizere: Ctrl+Y mu Illustrator, Outline mu Inkscape, Wireframe mu CorelDRAW. Mukabwerera ku kaonedwe ka masiku onse, thirani mtundu mongoyesa, muone ngati wadzaza thupi lonse. Pamene mukukayika, gwirani nodi imodzi muikokere pambali. Mizere yonse iwiri ikatsatira, palumikizana. Wina ukatsalira, panali manodi awiri osanjikizana, ndipo Ctrl+Z ikubwezerani pamene munali kuti mukonze. Kukoka komweku kumaululanso mzere wobisala pansi pa unzake, umene umabwera munthu akakopera chinthu pamalo omwewo osazindikira, ndipo makina akanaudula kawiri. Mu Inkscape mungathenso kutsegula XML Editor ndi Shift+Ctrl+X, kusankha thupi la mbalame, n'kuwerenga malangizo ake: chilembo M, chachikulu kapena chaching'ono, chipezeke kamodzi koyambirira, ndipo Z akhale kumapeto.